Kuseri kwa Bafa, ku Chinamwali

Zaka makumi atatu ndinkalondera akaidi,
makiyi akulira m'chiuno ngati belu la njinga.
Tsiku lopuma ntchito ndinalumbira pamaso pa mayi a kunyumba
kuti sindidzatsekeranso chamoyo chilichonse.

Koma Chiperoni anadya anapiye anayi a Abiti Twaibu,
ndipo Bonya anabwera m'mawa wina akutsimphina,
khutu litang'ambika ndi mwala wa legeni.
Abiti anaima pampanda, manja m'chiuno:
"Akadzabweranso, mudzawatola m'ngalande."

Ndiye ndili pano, Loweruka, kuseri kwa bafa,
ndi waya wa nkhuku wogula ku Mpondabwino,
matabwa a paini otsika m'phiri pamitu ya anyamata,
misomali m'chitini chakale cha majarini.

Kupima chipinda chotsekeramo ndimakudziwa.
Mapazi akuti uku, akuti uko,
apa ndowa, apo bulangete.
Dzanja linayamba lokha kupima motero
mpaka ndinalimenya ndi linzake.
Ndinasuntha zikhomo. Ndinadya mzere wonse wa mpiru.
Mayi akaona, mlandu ndi wanga.

Nthambi ya gwafa ndaigoneka chopendekeka,
khungwa lake loterera, koma zikhadabo zidzaphunzira.
Mtondo wong'aluka uja, umene tinkati tiwotche,
ndauimika pakona, anolerepo.
Mchenga ndakatapa ndekha ku Likangala,
mabeseni awiri, msana ukudandaula njira yonse.
Madzi ali m'phale, pamthunzi.
Chitsononkho chikulendewera pa ulusi wa thumba la feteleza,
mphepo ikachikankha chimasanduka mbewa.

M'tayala la minibasi ndayalamo juzi yanga ya kuntchito,
ija yokhala ndi zigamba m'zigongono.
Inamva chisanu cha usiku wambiri pansanja ya alonda,
tsopano imve kulira kwa m'khosi mwa mphaka wokhuta.

Denga ndafolera theka lokha.
Mvula ya kuno siodira, imangolowa,
choncho lata likhalepo;
koma dzuwa la m'mawa nalonso lili ndi gawo lake,
ndipo akhwangwala akamadutsa
pakhale poti nkuwatukwanira.

Thabwa lomaliza landivuta.
Ndalikhoma, ndalizula, ndalikhomanso pamwamba penipeni,
pamene maso amalumpha malata a anthu
nkukagwera pa phiri.
Panali mnyamata wina wa ku Jali,
anaba mbuzi ziwiri, kapena zitatu, ndaiwala.
Anandipempha kuti mphasa yake isunthire ku zenera
azionako nkhungu ikamatsika m'mapaini.
Ndinati malamulo salola.
Malamulo sananene kanthu za zenera.
Ndinali nditatopa chabe, ndipo tiyi wanga ankazizira.

Dzina lake silikubwera.
Thabwali ndalipala kawiri kuti pasakhale kobaya.

Madzulo ndawanyamula, mmodzi kukhwapa uku, wina uku.
Bonya wanunkhiza mtondo, wanunkhiza juzi,
wanyoza zonse,
wakalowa m'katoni imene munabwera misomali yotsala.
Ntchito ya tsiku lathunthu, katoni yapambana.
Chiperoni sanafunse munthu.
Gwafa, thabwa loyamba, lachiwiri,
uyo pamwamba, mchira wazungulira mapazi,
wayang'ana kumene ndinkafuna ayang'ane.

Mayi abwera ndi kapu, aona mpiru, akhala chete.
Kenako: "Nanga loko ali kuti?"
Ndawaonetsa kamtengo kozungulira pa msomali umodzi,
koti ngakhale mwana atsegula ndi chala.

Ndakhala pansi m'katimo, msana kutsamira waya,
fungo la paini watsopano lili m'mphuno.
Magetsi azima, monga mwa masiku onse.
Abiti Twaibu akudutsa ndi nkhuku yawo kukhwapa,
asuzumira, aseka mpaka kutsokomola:
"Abwana, lero mwadzitsekera nokha?"

Ndati eya.
Ndati bwerani mawa nthawi ya alendo,
mudzatipeza tonse atatu.